Makhadi ndi zithunzi za akatswiri akale: mbiri ya mpira imene yagona m'masutikesi

M'nyumba zambiri za ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 mpaka ku Njewa muli sutikesi kapena katoni imene sitsegulidwa kawirikawiri. Pansi pa masatifiketi a sukulu ndi makalata a ukwati pamapezeka kalendala yakale ya timu ya mpira, tsamba la nyuzipepala lofiirira ndi ukalamba, kapena chithunzi cha anyamata khumi ndi mmodzi atandanda pabwalo la Civo. Eni ake ambiri amaziona ngati zinyalala zongodikira tsiku losesa. Koma m'maiko ena kusunga mapepala otere ndi ntchito yokhala ndi malamulo ake, akatswiri ake ndiponso msika wake, moti kapepala kamodzi kosakwana chikhatho kanagulidwapo pamtengo woposa madola 12 miliyoni a ku America.

Khadi la wosewera n'chiyani?

Khadi la wosewera ndi kapepala kolimba, kokula ngati chiphaso cha unzika, kokhala ndi nkhope ya wosewera kutsogolo. Kumbuyo kwake nthawi zambiri kumalembedwa dzina, timu, malo amene amasewera pabwalo ndiponso manambala osonyeza mmene wachitira chaka ndi chaka. Makhadi amasindikizidwa m'magulu, ndipo cholinga cha wosonkhanitsa chimakhala kukwaniritsa gulu lonse. Popeza amagulitsidwa m'timapaketi totseka, wogula sadziwa kuti apeza ndani m'katimo. Akapeza nkhope imene ali nayo kale amasinthana ndi mnzake.

Mwambowu unakhwimira ku United States of America pa masewero a baseball. Awa ndi masewero a matimu awiri, iliyonse ya osewera asanu ndi anayi. Wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi ndodo yonga chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi oikika pabwalo. Akakamenya mpaka kudumpha mpanda wa bwalo amati wamenya home run, ndipo chisangalalo chake chimafanana ndi cha chigoli mu mpira wamiyendo.

Zinayambira m'paketi ya ndudu

Anthu a ku Area 25 ndi ku Mgona, amene amaona malole a fodya akulowera ku msika wa Kanengo chaka ndi chaka, akhoza kudabwa kumva kuti mwambowu unakula chifukwa cha fodya. M'zaka za m'ma 1880 makampani a ndudu monga Allen & Ginter ya ku Richmond ndi Goodwin & Company ya ku New York ankaika kapepala kolimba m'paketi kuti ndudu zisathyoke. Pa kapepalako ankasindikizapo nkhope za osewera pofuna kukopa ogula.

Pakati pa 1909 ndi 1911 kampani ya American Tobacco Company inatulutsa gulu la makhadi 524 limene lero limadziwika kuti T206. Limodzi mwa makhadiwo linali la Honus Wagner, katswiri wa timu ya Pittsburgh Pirates amene anasewera m'ligi yaikulu kuyambira 1897 mpaka 1917 ndipo anatsogola pa luso lomenya mpira m'ligi yake zaka zisanu ndi zitatu. Mu 1936 Wagner anali mmodzi mwa anthu asanu oyamba kusankhidwa kulowa m'nyumba yolemekezera akatswiri a baseball, pamodzi ndi Babe Ruth ndi Ty Cobb. Khadi lake linasiya kusindikizidwa msanga chifukwa iye sanavomereze. Ena amati sankafuna kuti ana azigula ndudu pofunafuna nkhope yake, pamene ena amati nkhani inali ya malipiro. Zotsatira zake n'zakuti makhadi a Wagner amene akudziwika lero ndi pafupifupi 60 okha, ndipo mu Ogasiti 2022 limodzi linagulitsidwa pa madola 7.25 miliyoni.

M'kupita kwa nthawi makhadi anachoka m'paketi ya ndudu n'kulowa m'paketi ya chingamu, ndipo ogula enieni anakhala ana. Mu 1952 kampani ya Topps inatulutsa gulu limene khadi nambala 311 linali la mnyamata wa New York Yankees, Mickey Mantle. Iyeyu anasewerera timuyo kuyambira 1951 mpaka 1968, anamenya ma home run 536 ndipo anapambana nayo chikho cha World Series kasanu ndi kawiri. Chigawo chomaliza cha gululo, mmene munali Mantle, chinafika pamsika mochedwa ndipo sichinayende malonda. Sy Berger, amene anakonza makhadiwo, ankafotokoza kuti makatoni otsala anakatayidwa m'nyanja patapita zaka. Mu Ogasiti 2022 khadi limodzi la Mantle losungidwa bwino linagulidwa pa madola 12.6 miliyoni. Mwini wake anali ataligula mu 1991 pa madola 50,000.

Chimene chimapatsa khadi mtengo

Nkhani ziwirizi zikuonetsa zinthu zitatu zimene osonkhanitsa amayang'ana. Choyamba ndi mbiri ya munthu amene ali pa khadi, chifukwa kapepala ka wosewera woiwalika sikakopa aliyense ngakhale katakhala kakale chotani. Chachiwiri ndi kusowa kwake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 makampani anasindikiza makhadi ochuluka kwambiri, anthu n'kuwasunga poyembekezera kulemera, koma lero ambiri mwa iwo alibe mtengo. Choncho amene angapeze khadi la baseball m'katundu wochokera kunja asafulumire kuwerengera mamiliyoni.

Chachitatu ndi mmene khadilo lasungidwira. Makampani monga PSA, imene inayamba mu 1991, amaunika ngodya, m'mphepete, mtundu ndi kuwongoka kwa chithunzi, kenaka amapereka giredi kuyambira 1 mpaka 10. Pamene pali ndalama sipasowa achinyengo. Khadi lina la Wagner, limene katswiri wa masewero a ice hockey Wayne Gretzky anagula pamodzi ndi mnzake mu 1991 pa madola 451,000, linadzadziwika kuti linadulidwa m'mphepete kuti lioneke latsopano, ndipo wamalonda amene analidula anavomera mlanduwo m'khoti mu 2013.

Amene anayala maziko a zonsezi sanali mpondamatiki. Jefferson Burdick anali wantchito pafakitale ya zipangizo zamagetsi mumzinda wa Syracuse. Iye ndiye analemba ndandanda imene inapatsa magulu a makhadi maina monga T206, ndipo asanamwalire mu 1963 anapereka makhadi ndi timapepala tina pafupifupi 300,000 ku nyumba yosungiramo zakale ya Metropolitan Museum of Art ku New York.

Amene sanaikidwe pa khadi

Mbali ya nkhaniyi imene ikukhudza kwambiri Amalawi ndi ya akatswiri amene sanapatsidwe khadi. Kwa zaka zambiri anthu akuda sankaloledwa m'ligi zikuluzikulu za baseball ku America, mpaka pamene Jackie Robinson anasewerera Brooklyn Dodgers pa 15 Epulo 1947. Akuda ankasewera m'ligi zawozawo, zotchedwa Negro Leagues, zimene makampani a makhadi a ku America sankazilabadira. Josh Gibson, katswiri wa Homestead Grays ndi Pittsburgh Crawfords, anamwalira mu Januwale 1947 ali ndi zaka 35, miyezi itatu Robinson asanatsegule chitseko. Khadi lake lotchuka linasindikizidwa ku Puerto Rico iye atamwalira kale.

Mbiri ya osewerawa inapulumuka chifukwa cha nyuzipepala zakale. Ofufuza anatha zaka akutolera zotsatira za masewero tsamba ndi tsamba, ndipo mu Meyi 2024 akuluakulu a Major League Baseball anaphatikiza manambalawo m'mabuku awo. Gibson anapezeka kuti ndiye woposa onse pa kamenyedwe ka mpira m'mbiri ya ligi zikuluzikulu, kupambana Ty Cobb amene anakhala pamwamba kwa zaka pafupifupi 100.

Mpira wamiyendo uli ndi mwambo wakenso. Kampani ya Panini ya ku Modena ku Italy inayamba kugulitsa zithunzi zomata m'buku mu 1961, ndipo buku lake loyamba la World Cup linali la Mexico 1970. Khadi la Pelé la mu 1958, losindikizidwa ku Sweden, linagulidwa pa madola 1.33 miliyoni mu Febuluwale 2022.

Kuno kwathu: kalendala ndi nyuzipepala

M'dziko muno msika wa makhadi otere sunazike mizu. Kanema wa dziko lino anayamba kuulutsa mu 1999, kutanthauza kuti zaka zimene timu ya Flames inkaopedwa m'chigawo chino cha Africa zinadutsa anthu akumvera mpira pa wailesi ya MBC. Wokonda mpira wa ku Lilongwe amene sanapeze mwayi wolowa m'bwalo ankadziwa nkhope ya katswiri wake kudzera m'zithunzi za mu Daily Times, Malawi News, magazini ya Moni kapena kalendala yopachika pakhoma. Anyamata ankadula zithunzizo n'kuzimata m'makope a sukulu kapena pazitseko. Zimenezi ndiye makhadi athu, ndipo nkhope zimene zili pamenepo zili ndi mbiri yoyenera kuidziwa.

Kinnah Phiri, amene ankatchedwa Electric, anabadwa mu 1954 ndipo anatchukira ku Bata Bullets. Anamwetsera Flames zigoli 71 m'masewero 117, nambala imene palibe Mmalawi wina waifikira. M'nthawi yake, pansi pa mphunzitsi wa ku England Ted Powell, Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup mu 1978 pogonjetsa Zambia 3-2 kuno kwathu, n'kuchitetezanso mu 1979 pogonjetsa Kenya 3-2 kwawo komwe. Kenaka Kinnah anapita ku Manzini Wanderers ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini. Atakhala mphunzitsi anafikitsa Bakili Bullets m'ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004, ndipo anatsogolera Flames ku Africa Cup of Nations ya 2010.

Young Chimodzi ndiye nkhope imene anthu a ku Lilongwe angaipeze kwambiri m'zithunzi zawo, chifukwa anali msanamira ya kumbuyo kwa Silver Strikers, timu ya Reserve Bank of Malawi. Anavala jezi ya dziko lino maulendo 159 pakati pa 1979 ndi 1995, kuposa wosewera wina aliyense, ndipo mu 2014 anasankhidwa kukhala mphunzitsi wa Flames.

Jack Chamangwana, wodziwika ndi dzina loti Africa, anali wotchinga kumbuyo wa Wanderers ndi Flames. Cha m'ma 1980 anapita ku Kaizer Chiefs ku South Africa, kumene ankamutchula kuti Black Stone, ndipo anaphunzitsakonso timuyo. Pambuyo pake anaphunzitsa Young Africans ya ku Tanzania. Anamwalira mu Meyi 2018.

Ernest Mtawali, wosewera pakati wochokera ku Hardware Stars, ndi chitsanzo cha zimene zimasokoneza wosonkhanitsa wosadziwa mbiri. Anapita ku South Africa m'nthawi ya tsankho, dzikolo lili loletsedwa ndi FIFA, ndipo ku Bloemfontein Celtic ankasewera ndi dzina loti Ernest Chirwali. Ndi dzina limenelo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo mu 1985. Pambuyo pake anasewerera Mamelodi Sundowns, Newell's Old Boys ya ku Argentina ndi Toulouse ya ku France, ndipo mu 2015 anapatsidwa udindo wophunzitsa Flames. Chithunzi cholembedwa Chirwali ndi china cholembedwa Mtawali ndi za munthu mmodzi.

Palinso zithunzi za timu yonse zimene mtengo wake uli pa tsiku limene zinajambulidwa. Mu 1984 Malawi inapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast. Mumzinda wa Bouaké inagonja 3-0 kwa Algeria ndi 1-0 kwa Ghana, koma inafanana mphamvu 2-2 ndi Nigeria, zigoli za Harry Waya ndi Clifton Msiya. Mu 1987 inatenga mendulo ya malo achitatu pa All-Africa Games ku Nairobi itagonjetsa Cameroon 3-1, ndipo mu 1988 inatenga chikho cha East and Central kachitatu pogonjetsa Zambia 3-1. Ngongole ya ku Bouaké inabwezedwa pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, pamene Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anamwetsa zigoli zitatu kwa Algeria imene inali pa ulendo wa ku World Cup.

Kudziwa chaka cha chithunzi

Vuto la zithunzi zathu n'lakuti, mosiyana ndi khadi, kumbuyo kwake kulibe dzina kapena chaka. Komabe pali zizindikiro zothandiza. Chachikulu ndi dzina la timu, chifukwa matimu a m'dziko muno akhala akusintha maina motsatira kampani yowathandiza. Timu imodzi yomweyo yatchedwapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets ndi Nyasa Big Bullets. Anzawo a ku Lali Lubani Road akhalapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers ndi Mighty Mukuru Wanderers. Ku Lilongwe, Civo United inakhalapo Civil Sporting Club isanatchedwe Civil Service United. Maina monga Hardware Stars, Berec Power Pack, MITCO ndi MDC United akulozera ku matimu amene anazimirira, ndipo zithunzi zawo ndizo zosowa kwambiri chifukwa palibe ofesi yotsala yozisunga.

Bwalo nalo limanena chaka. La ku Blantyre linali Rangeley Stadium lisanakhale Kamuzu Stadium, ndipo mu ulamuliro wa Bakili Muluzi linkatchedwa Chichiri Stadium lisanabwerere ku dzina la Kamuzu. Bingu National Stadium inatsegulidwa mu Januwale 2017. Mbendera yokhala ndi dzuwa loyera lathunthu inauluka pakati pa 2010 ndi 2012 pokha. Tsamba la nyuzipepala lotchula mitengo m'mapaundi ndi mashiling'i ndi la nthawi imene kwacha ndi tambala zinali zisanabwere mu 1971, ndipo nkhani yotchula Super League singakhale ya kale kuposa 1986. Wodula chithunzi m'nyuzipepala azisiya mawu a m'munsi mwake ndi mzere wa tsiku wa pamwamba pa tsamba, popeza umboni wonse uli pamenepo.

Kasungidwe koyenera

Adani a pepala m'nyumba zathu ndi chinyontho cha nthawi ya dzinja, chiswe, mphemvu, njenjete, makoswe ndi dzuwa. Zithunzi zisungidwe pamalo ouma ndi okwera, kutali ndi pansi komanso ndi khoma limene limanyowa mvula ikagwa. Chopachika pakhoma chisayang'ane pawindo chifukwa kuwala kumafufutitsa mtundu. Selotepi ndi guluu zimasiya banga losachoka. Kukutira chithunzi m'pulasitiki yomata ndi moto, monga timachitira ndi ziphaso, kumaoneka ngati chitetezo koma sikubwezeka, ndipo osonkhanitsa amatenga chinthu chotere ngati choonongeka. Njira yabwino ndi kuika chilichonse mu envulopu yakeyake kapena pakati pa mapepala oyera, chosapinda.

Maina, bwalo ndi chaka zilembedwe kumbuyo ndi pensulo yofewa, popeza inki ya bolopeni imadutsira kutsogolo. Ndi bwinonso kujambula chithunzicho ndi foni pamalo owala, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, n'kusunga m'malo oposa amodzi. Ofuna kutsimikiza tsiku la masewero angapeze nyuzipepala zakale ku National Archives of Malawi ku Zomba, kumene malamulo amafuna kuti zosindikizidwa za m'dziko muno zizisungidwa, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre. Wofuna kusindikiza chithunzi kuti agulitse akumbukire kuti wojambula ali ndi umwini wa ntchito yake pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016.

Nkhope za lero, nkhope za dzulo

Mbadwo wa lero uli ndi mwayi umene Kinnah ndi anzake analibe. Chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa ali patali kwambiri polimbana ndi Morocco ku Yaoundé pa 25 Januwale 2022 chili pa intaneti, ndipo aliyense angachionere. Temwa Chawinga wa ku Rumphi, amene anathandiza Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu 2023, anamwetsa zigoli 20 m'ligi ya NWSL ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, n'kuphwanya mbiri ya zigoli 18 ya Sam Kerr. Ligiyo ili ndi makhadi a osewera ake, kotero nkhope ya Mmalawi yalowa pamsika umene unayamba ndi ndudu zaka zoposa 130 zapitazo. Nayo baseball inalandira mwana wa m'chigawo chino pa 26 Epulo 2017, pamene Gift Ngoepe wa ku South Africa anasewerera Pittsburgh Pirates, timu ya Wagner ija.

Nkhawa ili pa mbadwo wa 1978, 1984 ndi 1988. Palibe amene ayenera kuyembekezera madola mamiliyoni kuchokera m'kalendala ya Bata Bullets, chifukwa msika wotere kuno kulibe. Phindu la mapepalawa ndi umboni: ndani anasewera, anasewerera timu iti, chaka chiti, ndipo anaima pafupi ndi yani. Zimene zinachitikira Josh Gibson zikuonetsa kuti mbiri ya wosewera ikhoza kuukitsidwa patapita zaka zoposa 70, pokhapokha ngati wina anasunga tsamba.

Chithunzi cha anthu khumi ndi mmodzi chopanda maina chimadalira munthu wamoyo woti aloze ndi chala n'kunena kuti uyu ndi uje. Ambiri amene angatero, kaya osewera, atolankhani akale kapena masapota amene ankadzaza bwalo la Civo ndi la Silver, lero ndi agogo, ndipo maliro aliwonse amapita ndi maina angapo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Banja lililonse limene lili ndi chithunzi chotere lichitulutse, likhale pansi ndi wamkulu wodziwa, litenge pensulo n'kulemba mainawo akadalipo owakumbukira.